Bisani chikombole, koma sikelo ikhale poyera

Pali funso limene ambiri a ife amene tikuphunzira uinjiniya kapena zamakompyuta tidzakumana nalo, ngakhale kuti m'kalasi silikambidwa. Mwalembera kasitomala pulogalamu, wakulipirani, ndiye akuti mumupatse code yonse kuti azikaigwiritsa ntchito yekha kufakitale kwake. M'kati mwa code imeneyo muli njira zimene munazipeza movutikira, mutachezera usiku wambiri. Mupereka zonse? Mubisako zina? Ngati mubisa, mubisa ziti?

Funsoli limavuta kwambiri pa mapulogalamu oyezera zinthu zopangidwa m'mafakitale, choncho ndikambira pamenepo. Maganizo anga ndi akuti wolemba pulogalamu ali ndi ufulu wonse wosunga zida zimene amagwirira ntchito, koma alibe ufulu wobisa chilichonse chimene chimagamula kuti katundu wa kasitomala ali bwino kapena ndi wotaya. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Ena amapereka zonse n'kudzalira pambuyo pake, ena amatseka zonse ndi password n'kumadabwa kuti kasitomala sanabwerenso.

Pulogalamu yake ndi yotani

M'mafakitale opanga zipangizo za magalimoto ndi ndege mumakhala makina otchedwa CMM. Ndi tebulo la mwala wa granite, pamwamba pake pali mkono woyenda mbali zitatu, ndipo kunsonga kwa mkonowo kuli kampira kakang'ono ka mwala wa ruby. Kampirako kakagunda chitsulo, makina amalemba malo enieni pamene kagunda. Kakagunda malo ambiri, kompyuta imawerengera kukula kwa bowo, kusalala kwa mbali, kapena mtunda wa pakati pa mabowo awiri, n'kuyerekeza ndi zimene zili pa chojambula cha injiniya.

Makinawa sadziwa okha pogunda. Munthu ndiye amalemba pulogalamu yowauza poyambira kuyeza, malo ogunda, kuchuluka kwa malowo, ndi masamu owerengera zotsatira. Amailemba mu PC-DMIS ya kampani ya Hexagon, Calypso ya Zeiss, MCOSMOS ya Mitutoyo kapena ina yofanana nazo. Makampani akuluakulu ali ndi anthu awo a ntchitoyi, koma ang'onoang'ono, monga amene amagulitsa zipangizo ku mafakitale a Toyota ku Durban kapena a BMW ku Rosslyn, nthawi zina amagula mapulogalamuwa kwa munthu wapadera. Ndipo popeza pulogalamu ikhoza kulembedwa kutali ndi makina, pogwiritsa ntchito chojambula cha pakompyuta, palibe choletsa kuti amene wamaliza ku MUBAS kapena ku MUST adzagwire ntchitoyi ali ku Blantyre, kasitomala ali ku Johannesburg. Nkhaniyi si ya anthu akutali okha.

Mantha a wogulitsa ndi oona

Tiyambe ndi kumumvetsa wolemba pulogalamu. Munthu amene wagwira ntchitoyi zaka khumi sayamba pulogalamu iliyonse pa tsamba lopanda kanthu. Amakhala ndi timapulogalamu take tating'ono timene anatikonza pang'onopang'ono: kena kopezera chitsulo patebulo ngakhale chitaikidwa mokhota, kena koyezera mzere wa mabowo mwa kungosintha manambala awiri, kena kolembera lipoti m'njira imene kasitomala aliyense amafuna. Ntchito imene wina angaigwire masiku atatu, iye amaimaliza tsiku limodzi. Phindu lake lili pamenepo. Akapereka timapulogalamuti pamodzi ndi ntchito ya chitsulo chimodzi, kasitomala akhoza kutikopera mu mapulogalamu ena zana, kapena kutipereka kwa wolemba wina wotchipa. Wagulitsa njerwa, koma wogula wanyamula ndi chikombole chomwe.

Ena amaganiza kuti malamulo a copyright awateteza. Amateteza ndithu, koma osati chimene akuchidera nkhawa. Pangano la TRIPS la bungwe la WTO, limene mfundo zake zili m'malamulo a mayiko ambiri, limati pulogalamu ya pakompyuta itetezedwe ngati ntchito yolembedwa, monga buku. Pangano lomwelo, m'ndime 9, limanenanso kuti chitetezocho chimagwira pa kalembedwe, osati pa maganizo, ndondomeko kapena njira yogwirira ntchito. Ndiye kuti wina akakopera mizere ya code yanu walakwa, koma akaiwerenga, n'kumvetsa njira yanu, n'kuilemba m'mawu akeake, copyright ilibe chonena.

Njira imatetezedwa ngati chinsinsi cha malonda. Ndime 39 ya panganoli imatchula zinthu zitatu: chinthucho chikhale chachinsinsi, chikhale ndi phindu chifukwa choti n'chachinsinsi, ndipo mwini wake akhale atachitapo kanthu kuti chisaululike. Chachitatuchi n'chimene chimagwetsa anthu. Mukatumiza code yonse pa email popanda mgwirizano uliwonse, mwaulula nokha, ndipo kukhoti mudzavutika kunena kuti chinali chinsinsi. Malamulo a zinsinsi za malonda amene America ndi European Union anakhazikitsa mu 2016 amalolanso munthu kuphwasula chinthu chimene wachipeza movomerezeka kuti aone mmene chimagwirira ntchito. Chimene chingamuletse ndi mgwirizano umene anasayina.

Choncho mantha alipo, ndipo ali ndi maziko. Vuto ndi mankhwala amene ambiri amathamangira, omwe ndi kutseka pulogalamu yonse kuti kasitomala azingodina batani n'kuwerenga lipoti.

Bowo limodzi, mayankho awiri

Kuti tione kuopsa kwa kutseka, titenge bowo la mamilimita 20 m'mimba mwake, limene pa chojambula lalembedwa H7. Malire ake ndi kuyambira 20.000 kufika 20.021. Mpata wonse wololedwa ndi ma micron 21, wocheperapo kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Tinene kuti chitsulocho n'chopyapyala ndipo pochiboola chinapanidwa ndi chogwirira cha mano atatu cha pa lathe. Chikamasulidwa, bowo silikhala lozungulira bwinobwino, limakhala ndi timapewa titatu timene maso sangatione. Wolemba pulogalamu akauza makina kuti agunde malo atatu okha, kompyuta idzanena kuti bowo ndi lozungulira kotheratu, chifukwa madontho atatu alionse amene sali pa mzere wowongoka amapanga chozungulira changwiro. Akauza makina kuti ayende mozungulira bowo lonse n'kutenga madontho mazana, timapewa tija timaonekera. Apo mpamene pamabwera chisankho china. Akhoza kusankha masamu otenga pakatikati pa madontho onse, amene amatchedwa least squares, kapena masamu ofufuza pini yaikulu kwambiri imene ingalowe m'bowomo. Njira yoyamba ikhoza kunena kuti bowo lili m'malire, yachiwiri n'kunena kuti ndi laling'ono ndipo pini siilowa. Bowo ndi lomwelo, makina ndi omwewo, chasintha ndi mzere umodzi wa pulogalamu.

Kutentha nakonso kuli ndi gawo lake. Miyezo ya pa chojambula imawerengedwa pa madigiri 20, malinga ndi muyezo wa ISO 1. Aluminiyamu amakula pafupifupi ma micron 23 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Chipangizo cha theka la mita chikayezedwa pa madigiri 25 chimakhala chitatalika ndi ma micron oposa 50. Kaya pulogalamu imachotsera kutalika kumeneku kapena ayi, kaya ikugwiritsa ntchito nambala ya aluminiyamu kapena ya chitsulo wamba imene ndi pafupifupi theka lake, zonsezi zili m'kati mwa code.

Tsopano wolemba pulogalamu akhoza kunena kuti kusankha madontho ndi masamu ndi luso lake, ndi njira yake. Zoona, ndi luso. Koma ndi chigamulonso. Amene amasayina lipoti si iye, ndi kasitomala. Opanga zipangizo za magalimoto amapereka mapepala a PPAP kwa kampani yogula asanayambe kupanga zochuluka, ndipo a zandege amapereka lipoti la chipangizo choyamba motsatira AS9102. Chipangizo chikakanika kulowa pamalo pake, kapena chikathyoka galimoto ili pamsewu, adzafunsa kasitomala wanu kuti anayeza bwanji. Yankho loti "sindikudziwa, pulogalamu ndi yotseka" silingamupulumutse.

Aliyense amene anagulitsapo chimanga kapena soya kwa venda amaidziwa nkhaniyi. Sikelo ikayang'ana kwa wogula yekha, mlimi amadziwa kuti pali chimene chikuchitika, ngakhale wogulayo atakhala wachilungamo. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta. Muyezo umene sungafufuzidwe sukhulupirika, ndipo pulogalamu yoyezera ndi sikelo basi, kungoti ndi yodula.

Zimene makhoti anaona kale

Mkangano wa chinsinsi ndi muyezo unafikapo kukhoti. Ku New Jersey, ku America, apolisi ankagwiritsa ntchito makina a Alcotest a kampani ya Draeger poyeza mowa mu mpweya wa madalaivala. Oimbidwa milandu anafuna kuona code ya makinawo, popeza nambala imene makinawo atulutsa inali yokwanira kumumangitsa munthu. Kwa kampaniyo, code inali chinsinsi cha malonda. Mapeto ake code inaperekedwa kwa akatswiri kuti aifufuze popanda kuiulula kwa anthu onse, ndipo mu 2008, pa mlandu wa State v. Chun, khoti lalikulu la boma limenelo linagamula kuti makinawo akhoza kudaliridwa, koma linalamula kuti zina zikonzedwe ndiponso linaika malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake. Phunziro lake ndi lakuti ziwirizi zinatheka pamodzi. Amene anafunika kuona anaona, ndipo chinsinsi sichinamwazike mumsewu.

Mbali inayo tinaiona mu September 2015, pamene zinadziwika kuti magalimoto a dizilo a Volkswagen, pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse, anali ndi code yozindikira kuti galimoto ikuyezedwa utsi, n'kuchepetsa utsiwo pa nthawi ya mayeso yokha. Amene anayamba kuona kusiyanako anali ofufuza a ku West Virginia University, atayeza magalimotowo pamsewu. Sindikunena kuti aliyense wotseka code ndi wachinyengo. Ndikunena kuti kuchokera nthawi imeneyo, munthu amene akupempha kuti akhulupiriridwe pa code yokhudza mayeso, koma osaionetsa, akupempha chinthu chachikulu.

Kutseka sikutetezanso kwenikweni

Ngakhale titaiwala za chilungamo, loko wa pa pulogalamu ya CMM ndi wofooka. Makina amayenda poyera. Aliyense wodziwa ntchito akaima pambali akhoza kuwerenga kuti kampira kagunda kangati ndiponso pati, n'kuyerekeza ndi lipoti. Chimene mwabisa kwa kasitomala wachilungamo, katswiri wofuna kuba achipeza tsiku limodzi.

Chinanso, zojambula zimasintha. Injiniya akasuntha bowo ndi theka la milimita, kapena kansonga koyezera kakathyoka n'kuikapo kena kosiyana kutalika, kapena fakitale ikakweza software ya makina, pulogalamu imafunika kuikonza. Ikakhala yotseka, ntchito yonse imaima mpaka mwini wake apezeke. Mwina ali kumaliro kumudzi, mwina anasamukira kunja, mwina anasiya ntchitoyi. Kasitomala amene wagona ndi katundu wosayezedwa, lole ikudikira panja, saiwala. Wolemba amaganiza kuti wamumanga kasitomala kuti azibwerabe, koma amene wamangidwa chotero amakhalira kufunafuna pothawira.

Chobisa ndi chiti, ndipo chibisidwe bwanji

Njira yoyamba, imene ndi yamphamvu kuposa zonse, ndi kusapereka chimene simukufuna kuti chidziwike. Siyanitsani pulogalamu yoyezera ndi zida zimene mumapangira pulogalamuyo. Kasitomala alandire pulogalamu ya chitsulo chake, yolembedwa mzere ndi mzere, yowerengeka, yosinthika, yokhala ndi ndemanga zofotokoza poyambira kuyeza, madontho, masamu ndi kutentha. Timapulogalamu tanu topangira mapulogalamu ena, nkhokwe yanu ya zigawo zimene mumangosintha manambala, ndi mndandanda wanu wa zoyenera kufufuza musanapereke ntchito, zimenezo zitsale pa kompyuta yanu. Woumba njerwa sabisa njerwa, wogula akhoza kuiyeza, kuigogoda, ngakhale kuiswa kuti aone ngati inapsa. Chikombole ndiye chimabwerera kunyumba.

Yachiwiri ndi mgwirizano wolembedwa ntchito isanayambe. Apa mpamene achinyamata timagwa, chifukwa timaopa kuti tikatchula za pepala, kasitomala atiyesa amwano kapena osamukhulupirira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mgwirizanowo sufunika kukhala wa masamba makumi awiri. Unene zimene mwabwera nazo kale ndipo zikhalabe zanu, unene zimene mwalembera kasitomalayo mwapadera, unenenso ngati mukugulitsa umwini kapena mukungopereka laisensi. Ngati ndi laisensi, itchule kuti ndi ya zipangizo ziti, pa makina angati, ndiponso ngati akuloledwa kupereka code kwa anthu akunja kwa kampani. Chinsinsi chikhale cha mbali zonse, chifukwa zojambula zimene kasitomala wakupatsani nazonso ndi chuma chake.

Yachitatu ndi mtengo. Kuyeza katundu n'kupereka lipoti ndi ntchito ina. Kupereka pulogalamu yoti aziigwiritsa ntchito pa chipangizo chimodzi ndi ina. Kupereka umwini wonse pamodzi ndi zida zanu ndi inanso, ndipo mtengo wake uyenera kuwerengera ntchito zonse zimene simudzapatsidwanso. Kasitomala akaona mitengo itatu pa pepala limodzi, amamvetsa yekha kuti akugula chiyani, ndipo mkangano wa mawa umathera pomwepo.

Yachinayi ndi kudziteteza ku zimene ena adzasinthe. Ambiri amatseka pulogalamu poopa kuti wina aisokoneza kenako mlandu n'kugwera iwo. Mankhwala ake si loko. Patsiku lopereka ntchito, yezani chipangizo chimodzi pamaso pa kasitomala, nonse musayine lipotilo, ndipo musunge kope ya pulogalamu monga inalili tsikulo pamodzi ndi checksum yake. Mulembe kuti mukuyankhira kope imeneyo yokha. Akasintha, ndi ufulu wawo, komanso ndi udindo wawo.

Amene mudzalembedwe ntchito pakampani mudziwenso kuti nthawi zambiri code imene mwalemba pa ntchito ya abwana imakhala ya kampani. Ngati muli ndi zida zanu zimene munapanga musanalowe ntchito, zitchuleni polemba kontirakiti, osati tsiku lotsanzika.

Zimene otsutsa anganene

Wina anganene kuti Zeiss kapena Hexagon sapereka code ya software yawo, nanga wolemba wamng'ono aperekerenji yake? Kusiyana kulipo. Makampani amenewa amanena poyera kuti ndi masamu ati amene akugwira ntchito, wogwiritsa ntchito amasankha yekha, ndipo masamu oterewa amayesedwa ndi mabungwe oima paokha monga PTB ya ku Germany ndi NIST ya ku America, amene ali ndi manambala oyesera omwe mayankho ake amadziwika kale. Ngati inunso mwapanga masamu atsopano enieni, amene palibe wina ali nawo, mukhoza kutseka gawo limenelo lokha. Koma muuzeni kasitomala asanalipire, mufotokoze chimene gawolo limachita, muonetse umboni woti linayesedwa, ndipo muvomere kuti pakabuka mkangano katswiri woima payekha adzaliona atasayina kuti saulula. Mukhozanso kusungitsa code kwa munthu wachitatu, monga loya, kuti idzaperekedwe kwa kasitomala ngati inu mutamwalira kapena kutseka bizinesi. Imeneyi ndi njira yodziwika pa malonda a software, imatchedwa escrow.

Wina anganenenso kuti mgwirizano ndi pepala chabe, ndipo mnyamata amene wangomaliza sukulu alibe ndalama zosumira kampani, makamaka ya kudziko lina. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndaika kusapereka zida patsogolo pa pepala. Komabe pepala limagwira ntchito ngakhale osafika kukhoti. Makampani ambiri sakopera code chifukwa cha nkhanza, amakopera chifukwa palibe anawauza kuti n'zoletsedwa. Ndipo kampani imene imayenderedwa ndi ofufuza za miyezo chaka ndi chaka siifuna kupezeka ndi code imene pamwamba pake palembedwa dzina la mwini ndi malire a laisensi amene yawaphwanya.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimawawa: mukaonetsa madontho ndi masamu anu, kasitomala aphunzirapo kanthu. Inde aphunzira. Koma aphunzira mmene munayezera chitsulo chimenecho, osati chifukwa chake munasankha choncho, kapena chimene mudzasankhe pa chitsulo chotsatira chimene chili ndi mavuto akeake. Kudziwa kuti bowo ili lipanidwa ndi mano atatu ndiye lifunika madontho ambiri, pamene linalo anayi akwana, sikukhala mu fayilo. Kumakhala m'mutu mwa amene anayezapo zitsulo zambiri.

Ngati phindu lanu lonse lingathe chifukwa kasitomala wawerenga pulogalamu imodzi, ndiye kuti vuto si kasitomalayo, phindulo linali lochepa kale, ndipo nthawi imene mukanathera pokhoma maloko ndi bwino muithere pophunzira ISO 1101 kapena ASME Y14.5 mpaka muzitha kuona cholakwika pa chojambula injiniya asanachione. Luso limenelo palibe amene angalikopere pa flash. Choncho mukadzalandira ntchito yanu yoyamba yotere, khalani pansi musanalembe mzere ndi umodzi womwe, mugawe pepala pakati. Mbali ina mulembe zonse zimene zimasintha nambala ya pa lipoti, ndipo zimenezo kasitomala azione. Mbali inayo mulembe zimene zimangofulumizitsa ntchito yanu, ndipo zimenezo asazione, pokhapokha atalipira mtengo wake.